Mpanda wa Masabata Anayi

Mudzi uliwonse uli ndi chidakwa chake chotchuka, ndipo m'tauni namo lokeshoni iliyonse ili ndi chake. Ana amatsanzira mayendedwe ake, akuluakulu amabwereza nthabwala zake pa siwa, ndipo chikagwera m'ngalande anthu amayamba aseka kaye asanachidzutse. Chidakwa cha eni chimakoma. Chikakhala cha m'nyumba mwanu, kuseka kumatha. Mumagona khutu lili kukhomo kumvetsera mapazi, ndalama ya ndiwo mumaibisa m'thumba la ufa, ndipo kukacha mumayamba mwayang'ana ngati wailesi ndi simbi zikadalipo.

Kwathu chidakwacho chinali achimwene anga aakulu, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale, munthu amene anandilipirira fizi mpaka ndinamaliza Fomu 4. Anayamba monga amayambira ambiri: Lachisanu ndi Loweruka, malipiro akalowa, ali ndi anzawo a kuntchito. Kenako inafika nyengo ya masacheti, mowa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki umene munthu ankaugula ndi chenje n'kuuponya m'thumba la shati. Anzathu a ku Zambia, amene ankatcha mowawu tujilijili, analetsa timapepalati mu 2012, ife tinatsatira mu 2015. Mowawo sunapite kulikonse. Unangosamukira m'timabotolo timene anthu akuti midoli. Pofika nthawi imeneyo achimwene sankamweranso chisangalalo. Ankamwa m'mamawa kuti dzanja lileke kunjenjemera, agwire choko.

Chibale ndi fupa sichiola, ndiye palibe chimene banja silinayese. Ankhoswe anakhala pansi. Abusa anabwera, achimwene analira, nalonjeza. Azakhali anali otsimikiza kuti pali wina kuntchito amene anawachita chipongwe chifukwa cha nsanje, ndipo anabwera ndi mizu ya kwa sing'anga yoti izithiridwa mobisa m'phala kuti akamwa mowa azisanza. Sindiseka aliyense wa anthu amenewa, pakuti onse ankachita zimene chikondi chinawauza. Koma njira zonsezi zinkakumana pa ganizo limodzi, lakuti munthuyu ngati si wosamva ndiye kuti ndi wolodzedwa. Zoti mwina akudwala sizinamufikire aliyense m'mutu.

Chimene chinatitsegula maso chinali choopsa. Atachokera ku mapemphero a kuphiri, achimwene analumbira kuti asiyiratu tsiku lomwelo, ndipo anasiyadi. Tsiku loyamba linali la thukuta ndi kusanza. Usiku wa tsiku lachiwiri anayamba kuona njoka pakhoma, kukuwa kuti kukubwera anthu odzawapha, kenako anagwa pansi n'kuyamba kuphupha. Azakhali anati ndi ziwanda zikutuluka, tisazisokoneze. Mlamu wanga, mkazi wawo, sanayankhe kanthu, anangotuluka kukafuna galimoto. Kuchipatala adokotala anatiuza mawu amene ndimauza aliyense wofuna kumva: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi akhoza kufa. Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongowo pofuna kudziteteza umazolowera kugwira ntchito mothamanga. Mowa ukachoka kamodzin'kamodzi, ubongo umatsala ukuthamanga popanda chouletsa. Kunjenjemera kumayamba patangopita maola ochepa, kukomoka kumakonda kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kubalalika mutu koopsa kuja, kumene madokotala amati delirium tremens, kumafika pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi. Adokotala omwewo ndi amene anatchula za nyumba zimene munthu amakagonako masabata angapo kuti asiye mowa, kumene achinyamata amangoti ku rehab.

Malo oterewa ndi owerengeka m'Malawi muno. Chipatala cha boma cha Zomba Mental chimalandira anthu amene mowa ndi chamba zawasokoneza, koma dzina lokhalo limathawitsa anthu. Munthu akangoti “ku Zomba”, aliyense amamva zamisala. A St John of God, a mpingo wa Katolika, amene anayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 ndipo pambuyo pake anatsegula malo ena ku Lilongwe, ali ndi pologalamu yogonera komweko ya anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kupatula apo pali timalo tina ta mipingo ndi ta anthu wamba, tina tabwino, tina tokayikitsa. Kwa dziko la anthu oposa 20 miliyoni mabedi ake ndi ochepa zedi, ndipo ambiri ndi olipira. Ife tinachita kusonkherana, wina kugulitsa mbuzi, wina kutenga ngongole ku banki m'khonde. Kumene achimwene anapita sindikutchula, chifukwa amene anagona nawo kumeneko nawonso ali ndi mabanja awo.

Kupeza ndalama kunali kosavuta poyerekeza ndi kuwanyengerera.

“Achimwene, tiyeni mukangoonana nawo anthuwo, mukamve zimene anene.”

“Iwe, ukundiyesa wamisala ine? Ndakuphunzitsa ndine, lero uzindiuza zochita?”

Chimene chinawagonjetsa sichinachokere kwa ife akuluakulu. Mwana wawo wamkazi, wa Sitandade 7, anali atayamba kudzera njira ina popita ku sukulu kuti anzake asamuone akuyenda ndi bambo ake. Achimwene anazindikira okha. Sananene zambiri, anangofunsa kuti basi yopita kumeneko imanyamuka nthawi yanji.

Sabata yoyamba inali ya chipatala chenicheni. Anamwino ankawayeza kuthamanga kwa magazi usana ndi usiku, kuwapatsa diazepam womachepetsedwa pang'onopang'ono kuti ubongo utsike mwaulemu, komanso vitamini B1, amene zidakwa zambiri zimasowa chifukwa chosadya mokwanira, ndipo kusowa kwake kukhoza kuwonongeratu mphamvu yokumbukira zinthu. Anawayeza chiwindi, shuga, HIV ndi chifuwa chachikulu. Anawafunsanso funso limene kunyumba palibe anafunsapo, ngati analingalirapo zodzipha. Yankho lake anadzatiuza okha pambuyo pake, ndipo amayi anakhala tsiku lathunthu osalankhula.

Thupi litakhazikika, inayamba ndondomeko ya tsiku ndi tsiku: kudzuka pa belu, kuyala bedi, kusesa, kudya pa nthawi yake, kukhala pabwalo ndi anzawo, kuonana ndi mlangizi paokha, kudimba, mpira madzulo, kugona. Foni kulibe, m'thumba mulibe ndi tambala yomwe. Wongomva angati kumeneku n'kuchepsa munthu wamkulu, bambo wa ana atatu, kumuyendetsa ndi belu. Koma taganizirani amene ankayendetsa tsiku lawo kwa zaka zonsezo. Unali mowa. Ndiwo unkanena nthawi yodzuka, kumene ipezeke ndalama ya botolo loyamba, njira yozembera amene akuwafuna ngongole, bodza louza ahedi. Mukachotsa mowa, tsiku limatsala lopanda mutu ndi mchira, ndipo maola opanda chochita ndi amene amabwezera munthu ku shabini. Belu lija limagwira tsikulo kufikira mwini wake ataphunziranso kuligwira yekha.

Komabe mukawafunsa achimwene chimene chinawasintha, satchula mankhwala kapena belu. Amatchula bwalo lija. Panali wogwira ntchito ku banki, kondakitala wa minibasi, mkulu wa mpingo, ndi mnyamata wa ku yunivesite amene anayamba ndi chamba n'kudzafika pa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Akazi anali ochepa kwambiri, ndipo si kuti akazi samwa. Mwamuna chidakwa timamuseka, mkazi chidakwa timamutukwana, ndiye iye amamwera kuchipinda, chitseko chotseka, mpaka chiwindi chitatha. Pabwalo limeneli mphunzitsi amene anagonjetsa ankhoswe, abusa ndi ahedi ndi pakamwa pake anakumana ndi anthu osanamizika. Atayamba kufotokoza kuti vuto lawo si lalikulu kwenikweni, amangomwa akakhumudwa, kondakitala uja anawadula pakamwa: “Aphunzitsi, nanga la m'mawa lija munkalibisa pati? Ine langa linkakhala m'thanki ya kuchimbudzi.” Bwalo lonse linaseka. Nawonso anaseka, kenako misozi inatsika, chifukwa lawo linkakhala kumbuyo kwa mabuku a masamu.

Nzeru yakuti chidakwa chimamvera chidakwa chinzake si ya lero. Mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, Bill Wilson, wa malonda a masheya, ndi dokotala Bob Smith, onse awiri ogonja ku mowa, anapeza kuti akamakambirana za vuto lawo amatha kudutsa tsiku osamwa. Gulu la Alcoholics Anonymous linabadwira pamenepo. Mu 1949 ku Minnesota kunatsegulidwa nyumba ya Hazelden, ndipo m'chigawo chimenecho ndi mmene munakulira njira yophatikiza madokotala, alangizi ndi zidakwa zimene zinasiya, onse pansi pa denga limodzi. Masiku 28 amene nyumba zambiri padziko zimatsatira anachokera ku njira imeneyi. Nambalayi ilibe matsenga. Bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo, NIDA, limanena kuti anthu ambiri amafunika thandizo la miyezi yosachepera itatu kuti phindu lake lioneke. Kuno kwathu masabata anayi ndi amene thumba la banja ndi tchuthi cha kuntchito zimakwanitsa, ndiye timagula zimene tingathe.

Ndisanapitirire, ndinene kuti si mpanda uliwonse umene umachiza. Banja likatopa limalakalaka malo alionse amene angamutsekere munthuyo kuti ena apume, ndipo alipo anthu okonzeka kulandira ndalama ya banja lotopa. Ku California kunali gulu la Synanon, limene linayamba mu 1958 ngati nyumba yothandiza osuta mankhwala, koma linathera pa nkhanza ndi kulambira mtsogoleri wake. Mu 2020 bungwe la Human Rights Watch linapeza umboni wakuti m'maiko 60 anthu odwala maganizo amamangidwa ndi maunyolo kapena kutsekeredwa, ena m'nyumba zawo, ena m'malo a mapemphero ndi a asing'anga. Malo amene alibe namwino kapena dokotala woyang'anira sabata yoyamba ija, amene amamenya, kumanga kapena kusalitsa munthu chakudya mokakamiza, ndi ndende chabe, ngakhale pachipata atalembapo vesi. Ndimakhulupirira pemphero, ndipo achimwene amapemphera lero kuposa kale. Koma munthu amene akuphupha amafunika diazepam usiku womwewo.

Nyumba imene anapitako inali ndi tsiku la mabanja, ndipo kwa ine limeneli ndi limene linalemera kuposa onse. Tinapita tikuyembekeza kumva mmene wodwala wathu akupezera. Mlangizi anatembenukira kwa mlamu wanga n'kufunsa kuti, “Nanga inuyo amayi, mukugona tulo?” Zaka zonsezo munthu ameneyu ankafunsidwa za mwamuna wake basi: wadya kodi, wabwera nthawi yanji, bwanji simukumusamala. Ena pachibale ankanong'ona kuti mwamuna sathawa nyumba yabwino. Tsiku limenelo analankhula kwa nthawi yaitali, za kukalipira ngongole ku shabini ndi ndalama ya geni yake ya mandasi, za kuimbira foni ahedi kuti aphunzitsi adwala malungo, za kugoneka ana msanga kuti asamve phokoso. Potuluka anandiuza kuti, “Alamu, inu mumabwera kudzaweruza n'kubwerera kwanu. Ine ndimatsala nawo.” Mlangizi anatifotokozera kuti kulipirira chidakwa ngongole ndi kuchinamizirira kuntchito kumachichotsera ululu umene ukanachidzutsa, koma sananene moloza chala mlamu. Anati mayi amene akuteteza malipiro odyetsa ana ake sakulakwa, akungofunika anthu omuthandiza kunyamula.

Kenako linafika tsiku lotuluka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Aliyense amene analimapo tomato kapena fodya amadziwa kuti mbande sizifera pa nazale, pamene pali mthunzi ndi madzi a m'mawa ndi madzulo. Zimafota pa tsiku lowokera. Achimwene anatuluka atanenepa, maso oyera, akuseka. Anabwerera ku nyumba yomweyo, njira yomweyo yodutsa pa bala, akatapila omwewo akudikira pachipata cha sukulu mwezi ukatha. Ubongo wa munthu amene wamwa zaka zambiri umakhala utamangirira chilakolako ku zinthu zing'onozing'ono: kulira kwa chitsekerero cha botolo, nyimbo ya pa bala, uthenga wa pa foni wakuti malipiro alowa. Mkati mwa mpanda zonsezi kulibe, n'chifukwa chake munthu amapeza mpata woganiza. Kunja zimamudikira zonse pamodzi.

Amayi, pofuna kusunga ulemu wa banja, anali atauza anthu oyandikana nawo kuti aphunzitsi apita ku maphunziro. Bodza lotere ndi lofala, ndipo limachokera pa mtima wabwino. Vuto lake ndi lakuti munthu wochokera ku maphunziro amalandiridwa ndi botolo. Loweruka loyamba anzawo anafika pakhomo kudzawatenga kuti akawatsitse fumbi la ulendo. Achimwene anatuluka, naima pakhonde, nati, “Akuluakulu, sindinapite ku maphunziro ine. Ndinali kuchipatala cha mowa. Ndikamwa limodzi sindiima, ndiye musandigulire.” Amayi anachita manyazi kwambiri. Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi chinthu chamtengo wapatali chimene ndalama zathu zinagula. Ena mwa anzawowo anamva ndipo sanabwerenso ndi botolo. Ena anayamba zawo zija: kamodzi kokha sikapha, akazi anu akuikani m'botolo, mwayamba liti kupemphera. Pakati pa amuna kuno kwathu kukana mowa wogulidwa ndi mnzako kumaoneka ngati kukana iye mwini, ndipo mowa uli paliponse pamene amuna amakumana, pa ukwati, pa chinkhoswe, pa mpira, ngakhale kumanda pokumba. Wosiya mowa amataya ndi anzake omwe, ndipo madzulo amatalika.

Kumayiko kumene njirayi inachokera, wotuluka m'nyumba yotere amapeza gulu la anzake lokumana sabata iliyonse pafupi ndi kwawo, mlangizi womuyendera, ndiponso mankhwala monga naltrexone kapena acamprosate ochepetsa chilakolako. Pa boma laling'ono pamene achimwene ankaphunzitsa panalibe gulu lotere. Chimene anali nacho ndi nambala ya foni ya mlangizi ndi ya kondakitala uja.

Patapita miyezi, pa maliro a bambo athu aang'ono, anamwa. Anamwa masiku angapo motsatizana. Amayi anakhala pamkeka n'kunena kuti ndalama zija zapita m'madzi, ndipo achibale amene anakana kusonkha anapeza ponenera. Pamenepa ndimatsutsana nawo mpaka lero. NIDA imanena kuti pa anthu 100 alionse amene alandira thandizo la vutoli, pakati pa 40 ndi 60 amabwereranso kumwa kapena kusuta nthawi ina, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Wa BP akagwa sitinena kuti chipatala chinatibera, timamubwezera kwa adokotala. Ndipo kugwa kwa ulendo uno kunali kosiyana ndi kwa kale. Achimwene sanabise. Anaimba okha foni kwa mlangizi, ndipo podziwa zimene zinachitika atachokera kuphiri, sanayese kusiya okha kuchipinda, anapita kuchipatala. Mlamu sanaimbire ahedi kunama. Kale kugwa kotere kunkatenga chaka, ulendo uno kunatha sabata isanathe. Kwa osuta mankhwala a mtundu wa heroin nthawi imeneyi ndi yoopsa koposa, chifukwa thupi limakhala litaiwala mlingo wakale, ndipo mlingo umene munthu ankaupirira asanalowe m'nyumba ija ukhoza kumupha atatuluka. Banja liyenera kuuzidwa zimenezi pa tsiku lotuluka.

Lero achimwene akuphunzitsa, ndipo madzulo amaphunzitsa ana a Fomu 4 masamu mwaulere, mwina chifukwa chokonda anawo, mwina chifukwa choopa madzulo opanda chochita. Iwo sanena kuti anachira. Amati sanamwe lero. Aphunzitsi awiri ndi wapolisi mmodzi anayamba kumabwera kunyumba kwawo Lachitatu lililonse, poyamba ngati odzacheza, ndipo gulu limene linkasowa pa boma paja linayamba choncho, pakhonde, ndi tiyi wa mlamu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linawerengera kuti mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Kuno tinakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017, koma mu 2024 tinaikabe m'manda anthu a ku Blantyre amene anamwa mowa umene omwa ake anaupatsa okha dzina lakuti Ambuye N'tengeni. Boma limatolera msonkho pa botolo lililonse lovomerezeka. Gawo la ndalama imeneyo liyenera kulipira mabedi a osauka m'nyumba zoterezi, ndipo koposa apo liyenera kuika mlangizi wa za mowa pa chipatala cha boma lililonse, kuti wotuluka mu mpanda apeze womulandira kwawo. Mipingo ili ndi zipinda zimene zimakhala zotseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Chimodzi chokha chitatsegulidwa madzulo amodzi pa sabata, popanda ulaliki ndi popanda kulemba maina, chingasunge anthu ambiri.

Inu amene muli ndi wanu amene manja ake amanjenjemera m'mawa, musamutsekere m'chipinda kuti asiye yekha, pitani naye kuchipatala. Ndipo mnzanu akabwera kuchokera ku nyumba yotere n'kukuuzani kuti musamugulire, musamuyese. Mugulireni Fanta, mukhale naye pansi mucheze.